Mano a Ramla

Balaka, 8 Okotobala 2023

Alamu anga a Sakina,

Landirani moni wochokera kuno ku Balaka. Ife tili bwino. Achimwene anu a Sharifu nawonso ali bwino, kungoti ntchito ya kunjanji ikuwabweza kunyumba ali mbuu ndi fumbi. Kaya inu kumeneko ku Ngokwe? Kalatayi ndapatsira a Usumani, aja amabwera ndi matemba kumsika wa kuno. Ndikadaimba foni, koma ndikudziwa kuti mumalankhulira pa foni ya eni, anthu atakuzungulirani, ndipo nkhani iyi si ya pagulu.

Mwana wanu Ramla watha mwezi tsopano ali nafe. Munamulera bwino. Sadikira kutumidwa, ndipo zolemba zake m'kope zimakhala ngati zosindikiza. Koma sabata yatha a Yoram, aphunzitsi a kalasi yake, anandipeza pa nthawi yopuma n'kundifunsa kuti, “Mayi Martina, kodi mwana wa alamu anuyu amalankhula? Mayeso olemba akukhoza kuposa onse mu Sitandade 6, koma ndikamuloza kuti ayankhe amangoyang'ana pansi.”

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumuyang'anitsitsa. Akafuna kuseka, dzanja limayamba lafika pakamwa. Akangokhala phee, milomo yake sikumana. Mano a m'mwamba amatsalira panja, ndipo amapumira kukamwa ngakhale alibe chimfine. Loweruka ndinagula chinangwa chootcha pa siteshoni. Iye sanachilume ngati mmene timachitira tonse. Anachinyemanyema ndi zala n'kumatafunira chakumbali.

Titafika kunyumba ndinamupempha kuti ayasame. Alamu, dzino lina laphukira pamwamba, m'nkhama, chikhalirecho la ubwana la pamalopo silinagwe. Mano a m'munsi akuluma nkhama za kuseri kwa mano a m'mwamba, ndipo pamenepo pali kabala.

Ine si dokotala, ndine mphunzitsi chabe. Koma ndikupempha chilolezo chanu kuti ndipite naye kwa a mano akamuone. Mundiyankhe kudzera mwa a Usumani omwewa.

Ndine mlamu wanu,
Martina


Ngokwe, 29 Okotobala 2023

Achimwene,

Asalamu alaikumu. Kuno tili moyo, alihamdulilahi. Kutentha kokha ndiye kwanyanya, ndipo m'munda wa thonje ndatsala pang'ono kumaliza kugalauza.

Kalata ya akazi anu ndalandira. Ndikuyankha kwa inu chifukwa mwanayo ndinamupereka m'manja mwa inu, mjomba wake.

Ine ndinatumiza mwana kusukulu. Sindinatumize mbuzi kumsika kuti anthu aziikanula kukamwa kuona mano. Ramla wakhala nane zaka khumi ndi ziwiri, akudya, akukula, sanagonepo m'chipatala ngakhale tsiku limodzi. Wangotha mwezi umodzi m'tauni, lero wasanduka wodwala? Bambo ake, malemu a Sadiki, mpaka tsiku lawo lomaliza ankamutcha chiphadzuwa chawo. Iwowo analibe maso?

Mano ndi chilengedwe cha Mulungu. Wina amamupatsa aafupi, wina aatali. Kusalankhula pagulu ndi ulemu umene ndinamuphunzitsa ine. Ngati mwana wakumudzi akuchititsa manyazi alendo a akazi anu akabwera, nenani poyera, musazungulire ndi za chipatala.

Kwa a mano asapite, iyayi.

Ndatumiza mpunga wochepa ndi nandolo. Mumuuze Ramla kuti asaiwale kupemphera swala, ndipo kambuzi kake kaja kabereka kakakazi.

Mlongo wanu,
Sakina


Balaka, 12 Novembala 2023

Mlongo wanga Sakina,

Wa alaikumu salamu. Mpunga tinalandira, wonunkhira bwino kwambiri. Martina akuthokoza.

Koma iwe, mtima wako uja wa pachala sunasinthe? Martina analemba mwachikondi. Mwanayu amamukonda moti akagula nsalu amayamba wamuyesa Ramla asanaganize za mwini wake.

Ndisakubisire. Kalata yako inachedwa, ndiye ife tinaona ngati kukhala chete ndi kuvomera. Tinapita naye kale kuchipatala, Lachinayi lija kalata isanafike. Sanamuchite kanthu, anangomuona basi.

Bambo wa manoyo anamuyasamitsa, n'kumuuza kuti alume, atsegule, alumenso. Kenako anati, “Mwachita bwino kubwera naye pano akadali pa msinkhu uwu. Mano am'panikizana chifukwa malo ndi ochepa, n'chifukwa chake lina laphukira pamwamba. A m'mwamba atsogola kwambiri. Akangogwa chafufumimba, oyamba kuthyoka ndi amenewa.” Anati malo opanikizana chonchi mswachi sufikamo bwino, ndiye mano amayamba kubooka. Iye ntchito yowongola saigwira, koma watilembera kalata yopita kwa katswiri ku Blantyre. Kumeneko amajambula kaye nsagwada, kenako amaika timawaya timene timakoka mano pang'onopang'ono mpaka afole bwino. Akuti zimatenga mwina zaka ziwiri. N'zodula ndithu, koma zimenezo usadere nazo nkhawa, ine ndi Martina takambirana kale.

Ndipo usaitenge nkhaniyi ngati maliro. Mano amenewa ndi a kwathu. Waiwala kuti tili ana ndinkakutcha Nafuko, chifukwa cha mano ako ngati a mfuko, ndipo iwe unkangoseka? Iwe si uyu wakula, unakwatiwa, uli ndi mwana? Kungoti masiku ano kuli njira, ndiye tisamumane mwana.

Sukulu akatsekera tidzamukweza pamodzi ndi a Usumani adzakuone. Ukadzamuona udzavomereza wekha.

Achimwene ako,
Sharifu


Ngokwe, 6 Januwale 2024

Achimwene,

Moni. Ramla anafika bwino pa tchuthi.

Sabweranso kumeneko. Ndamulembetsa pa sukulu ya konkuno. Zovala zake ndi makope amene anatsala mupatsire a Usumani.

Munandipempha chilolezo, n'kupita naye ndisanayankhe. Ndiye munkapemphanji?

Zikomo chifukwa cha miyezi imene munamusunga.

Sakina


Balaka, 9 Januwale 2024

Alamu,

Kalata yanu yafika dzulo, tsiku lotsegulira sukulu. Ndinali nditamusitira kale yunifolomu.

Ndikulemba ndekha, achimwene anu sakudziwa. Ndinalakwa, alamu. Amene anakakamiza kuti tipite kuchipatala yankho lanu lisanafike ndine, osati a Sharifu. Mwana ndi wanu. Ndinayenera kudikira, ngakhale miyezi itatu. Pepani.

Koma pali chimene sindinalembe m'kalata yoyamba ija, poopa kukupwetekani mtima. Tsopano ndiona kuti kubisako ndiye kunaononga zinthu.

Tsiku lina masana ndinabwerera kunyumba msanga kudzatenga makope amene ndinaiwala. Ndinapeza Ramla kuseri kwa nyumba ali ndi kagalasi kanga. Anali atatenga supuni, akukankha nayo mano ake a m'mwamba ndi mphamvu zake zonse, misozi ikutsika, magazi ali pa supuni. Atandiona anabisa supuniyo kumbuyo. Ndinakhala naye pansi pomwepo mpaka anandiuza. Anzake m'kalasi amamutcha Opena. Wina anabwera ndi botolo la chakumwa n'kumuuza kuti, “Tatitsegulire.” Anati ngakhale ku Ngokwe ankamunena, kungoti kumeneko anazolowera. Anandipempha kuti ndisakuuzeni. Anati, “Amayi ali ndi zambiri zowadandaulitsa.”

Anawo ndinathana nawo kusukulu. Koma supuni ija inandisowetsa mtendere, n'chifukwa chake ndinathamanga.

Za manyazi munanenazo, Mulungu ndi mboni yanga. Ana anga awiri anakula n'kuchoka, ndipo nyumba ino inali itazizira. Ramla ndiye anaibwezera moyo. Lamulungu ndikamachokera ku tchalitchi ndinkamupeza atakhala pakhonde akundidikira, ndipo ndinkayenda mothamanga ngati mtsikana. Mwana wotere ndingachite naye manyazi?

Ngati mwatsimikiza kuti akhale kumeneko, sinditsutsa. Zovala ndatumiza. Koma ndikupemphani chinthu chimodzi chokha. Tsiku lina akamadya, mukhale pafupi mumuone. Musamufunse kanthu, mungomuona.

Mlamu wanu,
Martina


Ngokwe, 28 Januwale 2024

Okondedwa Anti,

Muli bwanji? Amjomba ali bwanji? Ine ndili bwino pang'ono.

Kalatayi ndapatsira a Chande oyandikana nafe nyumba, akupita ku Balaka kukaona mwana wawo. Amayi sakudziwa kuti ndalemba. A Usumani sanabwerenso kuno chichokereni sabata yoyamba ya mwezi uno. Akuti madzi anadula msewu, ndiponso akuti akudwala. Ndiye sindikudziwa ngati munalemba kapena munakwiya nane.

Anti, ngati ndinalakwa kanthu mundikhululukire. Sindinawauze amayi zoipa za inu. Anandifunsa ngati mumandidyetsa ndinati eya. Anandifunsa ngati mumandinyoza ndinati iyayi. Anandifunsa ngati ndikufuna mawaya, ndiye ndinakhala chete, chifukwa nkhope yawo inali ngati akufuna kulira.

Kusukulu ya kuno tilipo ambiri, ena timakhala pansi pa mtengo. Mvula ikabwera timaweruka. Zimene akuphunzitsa tinaphunzira kale ndi a Yoram. Muwauze kuti buku la nthano anandibwereka lija ndikulisunga mu pulasitiki, silinanyowe.

Kabala kam'kamwa kaja kayambiranso. Ndikuchukucha ndi madzi a mchere monga munandiuzira. Supuni sindikuchitanso, ndinalonjeza.

Amayi masiku ano sakuyankhula kwambiri. Dzana ndinawapeza akuwerenganso kalata ya amjomba ija ya Novembala, kenako anaiponya pa moto. Sindikudziwa kuti munali chiyani.

Ndakusowani. Ndasowanso kulira kwa sitima.

Ndine mwana wanu,
Ramla


Ngokwe, 18 Febuluwale 2024

Alamu a Martina,

Moni wa mtendere. Kalata yanu ya pa 9 Januwale yandipeza Lachitatu lapitali. Yatha masabata asanu m'thumba la jekete la a Usumani, amene anagonekedwa ndi malungo kwa mwana wawo ku Liwonde. Nthawi yonseyi ine ndimati mwanyada, mwati wakumudzi akhale ndi mwana wake. Inunso mwina mumati ndawerenga n'kukunyalanyazani.

Ndaiwerenga katatu. Pa supuni paja ndinalephera kupitiriza, ndinayamba ndapita kumunda.

Munati ndimuone akamadya. Alamu, ndinamuona kale kalata yanu isanafike. Mango atatsala pang'ono kutha, tinakhala pakhonde tikudya. Iye anatembenukira kukhoma. Atataya chikhokho ndinaona magazi pa chikhokhocho. Ndinadziwa chimene chachitika, chifukwa inenso mango amandichita chimodzimodzi. Ndinangotola chikhokho chija n'kuchiponya kutali, ngati kuti ndikachitaya ndiye kuti nkhani yatha.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu. Inu mwandiona kangati? Pa ukwati wanu, pa maliro a amayi, pa maliro a bambo a Ramla. Nthawi zonsezo nsonga ya mpango inali pakamwa panga, ndipo mwina munkati ndi chipembedzo kapena ulemu. Si zimenezo. Mano a Ramla ndi anga. Pamene munalemba kuti milomo yake sikumana, kuti amatafunira kumbali, kuti dzanja limathamangira pakamwa, munkalemba za ine. Ndinamva ngati mwandivula pagulu.

Abale anga onse amadziwa kuti ndinasiya sukulu mu Sitandade 5 chifukwa chosowa yunifolomu. Yunifolomu inalipo. Ndinaibisa ndekha m'nkhokwe. Achimwene ananditcha dzina lija kunyumba mocheza, koma linanditsatira mpaka kusukulu. Tsiku lina aphunzitsi anandiimiritsa kuti ndiwerenge, ndipo kalasi yonse inayamba kuimba dzinalo. Sindinabwererenso. Masamu ndinkakhoza, alamu. Ndinkakhoza kuposa achimwene.

Iwo akuti ndinkaseka. Nanga ndikadatani?

Palinso china. Ramla anayamwa chala mpaka ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anali atasiya, koma bambo ake atamwalira anayambiranso. Anthu ankati ndimupake tsabola. Ine ndinakana, chifukwa ndinalibe china chomutonthozera. Ndiye nditamva za chipatala ndinaopa kuti dokotala akanena kuti mayi wake ndiye anamuononga, mbali ina ndi magazi, mbali ina ndi chala.

Dzulo tikupalira thonje ndinamufunsa osamuyang'ana. Ndinati, “Mawaya aja ukuwafuna?” Tinapalira mpaka kumapeto kwa mzere. Kenako anati, “Amayi, sikuti ndikukana kufanana nanu. Koma mayankho ndimawadziwa, ndipo ndimafuna kuwanena.”

Ndinakhala pansi pa mzere pomwepo.

Msewu akuti wayamba kudutsika. Loweruka likudzali ndibwera naye ndekha. Ngati malo ake kusukulu akadalipo, mumusungire. Ndipo ku Blantyre mupite naye. Chilolezo chimene munapempha mu Okotobala ndi chimenechi, chachedwa koma chafika. Thonje likagulidwa nanenso ndiikapo dzanja langa, musadzandikanize.

Kalatayi achimwene mukhoza kuwaonetsa. Pakamwa sindingathe kuwauza.

Mlamu wanu,
Sakina


Balaka, 3 Malichi 2024

Sakina, mlongo wanga,

Unabwera, unagona masiku awiri, unabwerera, ndipo ine ndinangokamba za mvula ndi mitengo ya feteleza. Martina anandionetsa kalata yako usanafike. Masiku awiri onsewo ndinkafuna kukuuza za kumtima kwanga, koma ndikakuyang'ana ndinkalephera. Ndiye ndalemba.

Ndikukumbuka tsiku limene amayi anapeza yunifolomu yako m'nkhokwe itadyedwa ndi chiswe. Unati sukudziwa amene anaiikamo. Ine ndinali pomwepo, ndikudya chimanga, ndipo sindinaganize kanthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti kwathu amene anali ndi mutu wa sukulu ndinali ine.

Dzina lija ndinaliyamba ndine. Ndinalibweretsa kusukulu ndine, pofuna kuseketsa anzanga. Ndipo mu Novembala ndinalilembanso ndi dzanja langa, ndili bambo wa imvi. Sindikudziwa kuti munthu amabweza bwanji zaka makumi awiri ndi zisanu. Ndikhululukire, Sakina. Mwezi wa Ramadani ukuyandikira, ndipo sindikufuna kuulowa ndi katundu ameneyu usanandiyankhe.

Ramla wabwerera m'kalasi mwake. A Yoram akumuthandiza zimene anaphonya. Ku Blantyre tinapita Lachisanu, anamujambula nsagwada. Martina anafunsa za chala zija, poti anadziwa kuti iwe ukufuna kumva. Dokotalayo, mayi wachikulire wodekha, anati chala chimatha kuwonjezera, koma kapangidwe ka nsagwada mwana amabadwa nako, ndipo ngakhale akadapanda kuyamwa chala akadafunikabe kuonedwa. Anatinso, “Mwana wamasiye amene anapeza pomutonthoza, mayi wake musamuimbe mlandu.” Ndalemba monga ananenera.

Ayamba achotsa dzino la ubwana lija ndi kuchiza kabala. Mawaya adzaika pambuyo pake.

Ndine achimwene ako,
Sharifu


Ngokwe, 10 Malichi 2024

Achimwene,

Kalata yanu ndalandira. Ndinakukhululukirani pa depoti paja, pamene munandinyamulira thumba n'kumalephera kundiyang'ana. Munali mwana, nanenso ndinali mwana. Mangani Ramadani ndi mtima woyera.

Koma masamu ndinkakuposani. Chimenecho chokha muzivomera pagulu.

Sakina


Balaka, 16 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji? Thonje mwamaliza kutola? Mbuzi zanga zili bwanji?

Amayi, andiika! Tinapita Lachiwiri ndi Anti. Tinanyamuka m'mamawa pa minibasi. Ndinagona pa mpando wopendekeka, nyali ili kumaso. Sanandibaye jakisoni. Anapukuta mano, n'kumata kachitsulo kakang'ono pa dzino lililonse, kenako anadutsitsa waya. Anandifunsa mtundu wa timphira tomangira. Ndinasankha tobiriwira ngati mpango wanu wa pa Idi.

Tsiku limenelo sizinapweteke. Koma Lachitatu ndi Lachinayi, mayo ine! Mano onse ankachita ngati akukokedwa ndi ng'ombe. Ndinkangomwa phala ndi kudya nthochi yofinya. Ndinalira pang'ono. Amjomba anabwera ndi yogati, ndipo ankangozungulira pakhomo n'kumafunsa Anti kuti, “Kodi sanamange mothina kwambiri?” Anti anawauza kuti akhale pansi, akuwonjezera mutu. Pano zasiya.

Malamulo ndi ambiri. Nzimbe ayi. Chimanga chokazinga ayi. Chingamu ayi. Kutsuka mano ndikangodya chilichonse, ndi kamswachi kena kakang'ono kolowa pansi pa waya. Ndizipita kukamangitsa pakatha masabata asanu ndi limodzi. Dokotala wati ndisayembekeze kuona kusintha mawa, mano sathamangitsidwa.

Kusukulu ndinkaopa kuti andipatsa dzina lina. Anandipatsadi, akuti Njanji. Koma ili silikundipweteka, chifukwa amene akunena ndi omwewo akundipempha kuti ndiwaonetse. Thandizo, amene ndimakhala naye desiki imodzi, akuti akufuna ake ngakhale mano ake ndi owongoka.

Lachisanu a Yoram anafunsa funso la masamu a mafulakishoni ndipo kalasi yonse inali zii. Ndinakweza dzanja. Mawu anatuluka moseketsa chifukwa lilime silinazolowere mawaya, ena anaseka, koma ndinamaliza. Ndinakhoza. A Yoram anagwetsa choko n'kunena kuti, “Ohoo, kani mawu alipo!”

Amjomba akuti ndikuuzeni kuti masamu ndinatengera inu. Akuti anena zimenezi pamaso pa mboni ziwiri, Anti ndi ine.

Tikatsekera ndibwera.

Mwana wanu,
Ramla


Ngokwe, 18 Ogasiti 2024

Achemwali anga a Martina,

Moni. Tili bwino kuno, alihamdulilahi. Thonje linagulidwa, ndipo kanga kochepa ndapatsira a Usumani pamodzi ndi kalatayi. Ndawauza kuti ulendo uno akadwalanso ayambe apereka katundu wa eni.

Mwana wanu anafika bwino. Ndati wanu, chifukwa tsopano tili naye awiri.

Tsiku limene anafika pakhomo pano panali ngati pa msika. Ana a m'mudzi muno anadzaza bwalo kudzaona mawaya. Ine ndimati athawira m'nyumba. Iyayi. Anakhala pa mtondo, n'kuwauza kuti afole mzere, aliyense aone kamodzi. Anayasama mpaka womaliza. A Chande anaona nawo, kenako anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, “Koma dzinja likafika, mphezi sizimutsata mwanayu?” Ramla anawamva, ndipo anawafotokozera bwinobwino ngati nesi.

Dzino lija linali pamwamba layamba kutsika. Ndimaliyang'ana m'mawa uliwonse, iye n'kumati, “Amayi, si chimanga ichi, sichimera usiku umodzi.” Milomo sinayambe kukumana bwino, koma kabala kaja kanapola. Nzimbe sindinagule ngakhale imodzi tchuthi chonse, kuti asamaone ena akudya. Mswachi ndiye sindichita kumukumbutsa.

China chimene sindinayembekeze ndi ichi. Amayi atatu abwera kale ndi ana awo kuti ndiwaone m'kamwa. Ndimawauza kuti ine si dokotala. Koma ndimayang'anabe. Awiri ndinawauza kuti ndi mano ongophuka kumene, adikire aone. Wachitatu, mtsikana wa zaka khumi, mano a m'munsi ali kutsogolo kwa a m'mwamba ndipo amatafuna movutika. Ndinauza mayi ake kuti apite naye kwa a mano akadali wamng'ono. Anakwiya, anati mwana wawo si wolumala, n'kunyamuka osatsanzika. Sindinawatsatire. Ndikuwadziwa kumene ali. Ndidzapitako sabata ya mawa ndi nandolo pang'ono, tikacheze zina.

Sukulu ikamatsegulidwa ndidzamuperekeza ndekha, kuti tsiku lokamangitsa lisamudutse. Ndikufunanso ndikamuone dokotala wa ku Blantyre uja ndi maso anga, ndikamuthokoze pa mawu amene ananena za ine asanandione. Koma inu muyambe mwabwera kuno. Chikwatiwire simunagonepo m'nyumba mwanga. Chipinda ndazira kale, ndipo tchalitchi chanu chili pafupi, Lamulungu ndidzakuperekezani mpaka pa chipata.

Ndimalize ndi za dzulo. Ndinali kuseri ndikupeta mpunga ndi a Chande. Kuchokera ku mjigo kunamveka atsikana akuseka, koma mmodzi ankaposa onse, kuseka kokweza, kotaya nako mutu kumbuyo, kosatha msanga. Ndinati, “Koma ana a masiku ano! Ameneyo ndi mwana wa ndani woseka ngati mudzi wonse ndi wake?”

A Chande anaika lichero pansi n'kundiyang'ana. Anati, “A Sakina, simukumudziwa? Ndi wanu.”

Zaka khumi ndi zitatu, achemwali, ndinali ndisanakumvepo.

Bwerani msanga.

Ndine wanu,
Sakina